Mitundu ya zingwe zotchajira foni ndi kusiyana kwake

Tchaja ya foni ili ndi zigawo ziwiri: mutu umene umalowa pa soketi, ndi chingwe chimene chimatenga moto kuchoka ku mutuwo kupita ku foni. Ntchito ya mutu ndi kutsitsa mphamvu ya magetsi a m'nyumba, amene ku Malawi ndi 230V, kuti ifike pa mlingo umene foni ingalandire, nthawi zambiri 5V. Chingwe ndicho njira yodutsamo motowo. Chili ndi nsonga ziwiri, ina yolowa ku mutu, ina yolowa ku foni, ndipo maonekedwe a nsongazi ndiwo amapatsa chingwe dzina lake.

Mafoni a m'manja atangoyamba kufala, kampani iliyonse inkapanga tchaja yakeyake. Tchaja ya Nokia sinkalowa pa Motorola, ya Samsung sinkalowa pa Sony Ericsson. Nokia yokha inali ndi mitundu iwiri imene ambiri akuikumbukirabe: pini yaikulu ya mamilimita 3.5 ndi pini yaying'ono ya mamilimita 2. Foni ikafa, tchaja yake inkasanduka chinyalala ngakhale ikhale yabwinobwino. Chimene chinathetsa chisokonezochi ndi USB, njira yolumikizira zipangizo imene inatuluka mu 1996 makampani monga Intel, Microsoft ndi IBM atagwirizana. Poyamba anaipangira makompyuta, koma popeza chingwe chake chimanyamula uthenga ndi moto womwe, opanga mafoni anaona kuti chingawathandize.

Nsonga yoyamba ya banja limeneli ndi USB-A. Ndi yophwatalala, ya makona anayi, yofanana ndi ya fulashi. Siilowa pa foni ayi. Malo ake ndi pa mutu wa tchaja, pa kompyuta, pa pawa banki, m'galimoto kapena pa batire ya sola. Imalowa mbali imodzi yokha, ndipo ikatembenuzidwa imakana.

Kumbali ya foni kunayamba kubwera mini-USB, yonenepa pang'ono, imene inkapezeka pa makamera ndi mafoni ena akale. Mu 2007 kunatuluka micro-USB, yopyapyala, ya tizitsulo 5 m'kati ndi timano tiwiri togwira kuti isapulumuke. Mu 2009 makampani akuluakulu a mafoni anagwirizana ndi bungwe la European Union kuti azigwiritsa ntchito nsongayi, ndipo posakhalitsa inafika paliponse. Ndi imene ambiri amangoitcha tchaja ya Android. Ikupezekabe pa mafoni ambiri a mabatani, mafoni otsika mtengo, mawailesi ang'onoang'ono ndi matochi otchaja. Vuto lake ndi lakuti mbali imodzi ndi yotambalala kuposa inzake, choncho imalowa njira imodzi basi. Kuikakamiza chozondoka, makamaka mumdima, kumathyola kalilime ka m'kabowo ka foni, ndipo apa ndi pamene foni imayamba kutchaja pokhapokha chingwe chikapendeketsedwa.

Kampani ya Apple inatsata njira yakeyake. Ma iPhone oyambirira anali ndi nsonga yotambalala ya tizitsulo 30. Mu 2012, pamodzi ndi iPhone 5, kunabwera Lightning, nsonga yaying'ono yokhala ngati kalilime kachitsulo, imene tizitsulo take 8 timaonekera kunja. Inatchuka chifukwa imalowa mbali iliyonse. Imagwira ntchito pa zipangizo za Apple zokha, ndipo zingwe zovomerezeka zimakhala ndi kachipangizo m'kati kamene foni imakazindikira. N'chifukwa chake chingwe chachinyengo nthawi zina chimatchaja masiku angapo, kenaka foni n'kuyamba kuchikana.

Nsonga imene yatenga malo tsopano ndi USB-C, imene pamsika imadziwika kuti Type C. Inatuluka mu 2014. Ndi yoviringika m'mbali ngati njere ya nyemba yophwatalala, ili ndi malo a tizitsulo 24, ndipo ilibe kumwamba kapena kunsi. Ikhoza kukhala ku nsonga zonse ziwiri za chingwe, n'chifukwa chake mitu yambiri yatsopano ili ndi kabowo ka USB-C m'malo mwa USB-A. Nsonga imodzimodziyo imatchaja foni, tabuleti ndi laputopu. European Union inakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa m'mayiko ake akhale ndi USB-C, ndipo Apple inasiya Lightning pa mafoni ake atsopano kuyambira pa iPhone 15 mu 2023.

Kulowa kwa nsonga pa foni ndi gawo limodzi chabe la nkhaniyi. Zingwe ziwiri zofanana maonekedwe zikhoza kusiyana kwambiri m'kati. Chingwe wamba cha USB chimakhala ndi mawaya 4: awiri a moto, awiri a uthenga. Zingwe zina zotchipa, monga zimene zimabwera ndi matochi kapena timasipika, zili ndi mawaya a moto okha. Zimatchaja ndithu, koma zikalumikizidwa ku kompyuta zithunzi ndi nyimbo sizidutsa. Kunenepa kwa waya wa mkuwa nakonso n'kofunika. Waya woonda kapena wautali kwambiri umataya mphamvu panjira, umafunda, ndipo foni imachedwa kudzaza. Pulasitiki yonenepa yakunja si umboni wakuti mkuwa wa m'kati ndi wokwanira.

Mphamvu ya tchaja imalembedwa pa mutu m'zilembo zing'onozing'ono: V, A ndi W. Kuchulukitsa V ndi A kumapereka W, ndipo W ndiyo imasonyeza liwiro la kutchaja. Mutu wolembedwa 5V ndi 1A umapereka 5W, pamene wa 5V ndi 2A umapereka 10W. Kabowo ka USB 2.0 ka pa kompyuta kamapereka 2.5W yokha, n'chifukwa chake foni imachedwa ikamatchajidwa pamenepo.

Kutchaja mwachangu kumatheka foni ndi mutu zikamvana. Zikangolumikizidwa, mutu umadziwitsa foni milingo imene ungathe kupereka, foni n'kusankha woyenera, mwina 9V m'malo mwa 5V. Kumvanaku kuli ndi njira zingapo. Yodziwika kwambiri ndi USB Power Delivery, yolembedwa PD mwachidule, imene imayenda pa USB-C. Palinso Quick Charge ya kampani ya Qualcomm, komanso njira za makampani paokha monga VOOC ya Oppo, imene imafuna mutu ndi chingwe chake. Njira zikasiyana, foni imatchajabe koma pang'onopang'ono. Mutu wabwino wa mphamvu zambiri suotcha foni yaying'ono, chifukwa foni imakoka moto umene ikufuna basi. Chingwe wamba chokhala ndi USB-C mbali zonse chimanyamula mpaka 3A, kutanthauza 60W. Chonyamula 5A chimakhala ndi kachipangizo kouza mutu kuti chingapirire motowo, ndipo chimafika 100W, kapena 240W pa zingwe zatsopano.

Zingwe zambiri zimafera pakhosi, pamene waya wakumana ndi nsonga. Chimene chimazipha ndi kukoka waya m'malo mogwira nsonga pozula, kupinda chingwe mothinitsa, ndi kugwiritsa ntchito foni ili pamoto chingwe chitapindikira pamimba kapena pa pilo. Fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimaunjikana m'kabowo ka foni mpaka nsonga kulephera kufika pansi. Zimachotsedwa mosamala ndi kamtengo kosongoka foni itazimitsidwa, osati ndi singano kapena waya. Kabowo konyowa kayenera kuuma kaye chingwe chisanalowemo.

Palinso nkhani ya chitetezo. Soketi za ku Malawi ndi za mabowo atatu a makona, koma matchaja ambiri amabwera ndi mapini awiri oviringika. Kutsegula soketi ndi kamtengo kapena kiyi kuti mutu wotero ulowe n'koopsa, ndipo mutuwo umakhala wogwedera n'kumathetheka. Chofunika ndi adaputa yoyenera. Chingwe chosendeka mpaka mawaya kuonekera, mutu wotentha mosagwirika kapena wonunkha kupsa, zonsezi n'zoyenera kutayidwa nthawi yomweyo.

Pogula chingwe pali mafunso atatu: chili ndi nsonga yanji kumbali ya foni, chili ndi nsonga yanji kumbali ya mutu, ndipo chimanyamula moto wochuluka bwanji. Foni imatchaja pa liwiro la chofooka kwambiri mwa zitatu izi: mutu, chingwe ndi foni yeniyeniyo. Chingwe cholimba, chachifupi bwino, chogwirizana ndi mutu wake chimateteza batire ndi kabowo ka foni, zimene mtengo wozikonzetsera umaposa kutali mtengo wa chingwecho.