Funso la Pa Lamya ku London

M'zaka za m'ma 1950, munthu wakuda wofuna chipinda cha lendi ku London ankadziwa kuti kukhala ndi ndalama sikokwanira. Eni nyumba ena ankamata zikalata pazenera zoti akuda asavutike n'kugogoda, ndipo panalibe lamulo lowaletsa. Wole Soyinka wa ku Nigeria anafika ku Britain mu 1954 kudzaphunzira pa yunivesite ya Leeds, kenako anagwira ntchito ku Royal Court Theatre ku London. M'nyengo imeneyi ndi momwe munachokera ndakatulo yake yotchedwa Telephone Conversation, imene inalowa m'buku la Modern Poetry from Africa mu 1963.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mnyamata ali m'kanyumba kofiira koimbiramo lamya, akukambirana ndi mayi mwini nyumba. Mtengo agwirizana. Poopa kuyenda ulendo wachabe, iye akuulula kuti ndi wa ku Africa. Mayiyo akukhala kaye chete, kenako akufunsa kuti kuda kwake n'kofika pati. Mphamvu ya ndakatuloyi ili pa kachetechete ameneyo. Tsankho limagamula mlandu msanga, munthu asanaphethire n'komwe, ndipo wogamulayo sadzimva kuti wagamula. Mlakatuli wagwira kamphindiko n'kukatambasula mpaka owerenga tonse tamva manyazi amene mayiyo sanamve. Mnyamatayo ndiye akuyankha mwachipongwe chaulemu, kulongosola kuti nkhope ndi yoderapo, zikhato ndi kumapazi n'koyera, kumatako n'kwakuda bii. Funso lija likugwa lokha, pakuti ngakhale thupi limodzi lilibe mtundu umodzi.

Ena amati ndakatulo sinapezerepo munthu pogona, ndipo akunena zoona. Chimene chinaletsa eni nyumba kukana anthu chifukwa cha khungu ndi lamulo la 1968, pakuti la 1965 silinakhudze za nyumba. Koma lamulo limalanga wokana, silifika pamene maganizo okanawo amabadwira. Mwini nyumba angathe kunena kuti chipinda chatengedwa kale, khoti osapeza pomugwira. Ndakatulo imafika pamenepo, chifukwa wowerenga aliyense amadziwa kuti nayenso anayamba wapimapo mnzake pongomva dzina kapena kalankhulidwe.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kwambiri. Mnyamatayo sakumuona mayiyo, komabe wamujambula kale m'mutu: milomo yopaka utoto, ndudu ili pa kachogwirira kagolide, zonsezi pongomva mawu. Kodi nayenso sanaweruze msanga? Anaweruzadi, ndipo ndikuona kuti Soyinka anachita dala kuti asamuyeretse. Anthu awiriwa akufanana pa chofooka chomwecho, ndipo umunthu wawo ukukumana pamenepo. Koma kufanana kumeneku sikufafaniza mlandu. Maganizo a mnyamatayo sakumulanda mayiyo kalikonse, pamene maganizo a mayiyo angachititse munthu kugona panja m'chisanu cha ku London, chifukwa makiyi ali m'manja mwake.

Soyinka, amene mu 1986 anakhala munthu wakuda woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Nobel pa zolembalemba, sanatiuze ngati chipindacho chinapezeka. Ndakatulo ikutha mayiyo ali pafupi kudula lamya, mnyamatayo akumuchonderera kuti amuone kaye ndi maso ake.