Chitupa, Mpanda wa Waya ndi Khadi

Kale kwathu kuno wapaulendo sankafunsidwa pepala. Ankafunsidwa kumene wachokera ndi mfunda wake, ndipo akatchula amfumu a kwawo ankamuyalira mphasa, n'kumupatsa madzi. Mapepala adabwera ndi atsamunda: chiphaso cha msonkho, kenaka chitupa chimene agogo athu ankachisunga ngati dzira popita ku Halale ndi ku Joni. Pa mtendere pepalalo linkangotopetsa. Nkhondo ikabuka, linkasanduka chingwe cha m'miyendo.

Anzathu a ku Kenya adaziona. Kuyambira cha m'ma 1920 mwamuna wachikuda kumeneko ankayenda ndi kipande, kachitini kolendewera m'khosi, m'kati muli dzina lake, mtundu wake, zidindo za zala ndi dzina la bwana wake. Bwanamkubwa Evelyn Baring atalengeza pa 20 Okutobala 1952 kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha gulu loukira atsamunda la Mau Mau, zidanyanyira. Pa 24 Epulo 1954 asilikali adazinga Nairobi m'mbandakucha, kutseka misewu, n'kuyamba kupatula Akikuyu, Aembu ndi Ameru. Oposa 20,000 adathera m'makampu. Kumidzi nako anthu oposa miliyoni imodzi adawakusira m'midzi pafupifupi 800 yozingidwa ndi ngalande ndi waya waminga.

Nzeru imeneyi Angerezi adali atayiyesa kale ku Malaya. Mu 1950 mkulu wa asilikali Harold Briggs adaona kuti zigawenga za Chikomyunizimu zili m'nkhalango koma mimba zawo zili kumudzi. Basi anthu pafupifupi 500,000, ambiri Matchaina, adawasamutsira m'midzi ya mipanda. Taonani chipata cha mudzi wotere kukucha: mzere wa anthu opita ku minda ya rabara, aliyense akusechedwa kuopa kuti wabisa mpunga m'lamba kapena pa njinga. M'madera ena mpunga ankauphikira pamodzi mudzi wonse, ndipo wa sitolo ankaboola chitini cha chakudya asanakupatse, kuti chikaole chisanafike kunkhalango. Ku Tanjong Malim mu 1952, mkulu wa Angerezi kumeneko Gerald Templer adatsekera anthu m'nyumba maola 22 pa tsiku.

Ine chimene chimandiwawa n'chakuti mpandawo sukola amene adaukonzera. Wamfuti amadziwa njira za m'tchire, sadzera pachipata. Wodzera pachipata ndi mayi wopita kuchigayo, wapakati amene matenda amuyamba usiku, mlimi amene anyani akumuthera chimanga iye akudikira siginecha ya mzungu.

Nanga kwathu? Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage, amene adagwirapo ntchito zaka zambiri ku Kenya, adalengeza lamulo lofanana ndi la Baring lija mu Nyasaland. Midzi ya waya siidafike kuno, ndipo sikuti adatimvera chisoni ayi: kunalibe gulu la nkhondo m'nkhalango loti alimane chakudya. Chosekesa n'chakuti otseka njira poyamba adali eni dziko. Anthu a chipani cha Congress ankagwetsera mitengo m'misewu, ndipo ku Fort Hill, komwe ndi Chitipa lero, adatseka bwalo la ndege. Boma lidasankha kunyamula anthu m'malo mowazinga. Dr. Banda adakatsekeredwa ku Gwelo, ena ku Khami ndi Marandellas, ambiri ku Kanjedza ku Limbe, onse pamodzi oposa 1,000. Ku Nkhata Bay, anthu amene adasonkhana padoko kukana kuti abale awo apite nawo pa sitima ya Mpasa adawomberedwa, ndipo osachepera 20 adafa. Bungwe la Devlin litafufuza lidalemba kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Waya umene udatiphonya ife udakola abale athu olankhula Chinyanja tsidya linalo. Ku Tete ndi ku Niassa Apwitikizi adakusira anthu m'midzi ya mipanda yotchedwa aldeamentos pofuna kuwasiyanitsa ndi FRELIMO, ndipo ambiri adathawa n'kuwolokera kuno ndi ana kumsana.

Malamulo otere amalengezedwa kuti ndi a kanthawi, koma chizolowezi chake sichikwera sitima pamodzi ndi mtsamunda. Ku Mozambique, atalandira ufulu mu 1975, munthu ankafunikabe guia de marcha kuti achoke m'boma lake kupita kwina. Ku Kenya chiphaso cha unzika ambiri amachitchabe kipande. Ifenso tisaloze anzathu chala. Lamulo la Armitage lidachotsedwa mu 1960, koma posakhalitsa pachipata cha msika ndi pakhomo la basi padaima anyamata a malaya ofiira, aja tinkawatcha achiswe. Sankafunsa mfunda kapena amfumu a kwanu. Ankangoti, "Khadi!" Wopanda khadi ya chipani ankabwerera ndi dengu lake pamutu, ndipo amayi ena oyembekezera ankawagulitsa ziwiri, inayo ya mwana wam'mimba.

Khadi imeneyo idasiya kufunsidwa cha m'ma 1993, chaka cha referendamu, patapita zaka 33 chichotsereni lamulo la mtsamunda lija.