Chipepala chathu chinakaphunzira ulemu ku Nkhunga

Mukanachiona chipepala cha mafunso chimene tinanyamula ulendo woyamba wa ku Nkhunga, bwenzi nthiti zitakuwawani. Chinali chamasamba ambirimbiri, Chingerezi chokhachokha, ndipo inki inafufuma mvula itatipeza panjira. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019 ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow, ndiye ife ophunzira tinkayenda mapewa ali m'mwamba. Tinatsika minibasi pa Dwangwa, mumsewu wa M5, titavala makhoti oyera mbee, ngati tikupita ku ukwati.

Kugombe tinafika dzuwa lili paliwombo, asodzi a usipa ali mtulo atachezera panyanja. Tinapeza agogo ena akusenda chinangwa. "Mumatsuka mano ndi mswachi kangati patsiku?" Agogowo anatulutsa kamtengo kotafunidwa kunsonga. Mayi wina anatchula makala, wina phulusa, wina mchere. Pachipepala chathu panalibe poti tichonge. Funso lotsatira linali la masuwiti, kudera kumene minda ya nzimbe ya Illovo yafika mpaka m'mbali mwa msewu ndipo mwana aliyense akukukuta nzimbe! Ana titawauza kuti ayasamule, anathawira kuseri kwa mabwato. Agogo aja ananong'onezana ndi anzawo m'Chitonga, kenaka anatifunsa: "Ana inu, kwa amfumu mwadzerako, kapena mwalowera pazenera?" Tinabwera ndi mafunso mtolo, koma safunsa amene anadya phula tinali ife.

Ntchito inayambira pamphasa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anatenga cholembera n'kuyamba kudula mafunso ngati akusadza mtengo. Mawu a m'buku anachoka, m'malo mwake munalowa a eni ake: dzino lobooka, nkhama zotuluka magazi, tizilombo tolowa m'dzino, kukazula. Tinatenga kalata ku ofesi ya zaumoyo paboma la Nkhotakota, tinakaonekera kwa mafumu a dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda, tinalemba chikalata chopempha chilolezo cha makolo m'Chichewa chomveka. Usiku tinkayasamulirana tokhatokha ndi kagalasi ndi tochi, kuwerenga mano obooka, ozulidwa ndi omatidwa, mpaka tonse tizipeza nambala imodzi m'kamwa limodzi. Tinasankha ana a zaka 12, msinkhu umene bungwe la WHO limayerekezera maiko. Moni wa m'Chitonga woti "Mwe uli?" tinamuloweza mpaka lilime linafewa.

Ndiye taonani ulendo wachiwiri! Chipepala chonenepa chija chatsala tsamba limodzi lokutidwa ndi pulasitiki, kamtengo ndi makala zili ndi malo ake, nzimbe yakhala funso loyamba. Makhoti ali m'chikwama, atsikana amanga zitenje, anyamata agwada popereka moni. Kale tinkadzutsa asodzi, lero tikuwapeza madzulo akusoka makoka, macheza ali mkati. Kale ana ankathawa, lero ali pamzere pansi pa mtengo wa mango, aliyense kukamwa kuli yasa nthawi yake isanakwane.

Agogo aja anatiikira kondowole ndi usipa, anatiyang'ana tikulimbana ndi mbamu yomata m'manja, kenaka anatola kagalasi kathu.

"Tsopano mwadzera pakhomo. Tayasamulani inu adokotala, tione anu."