Mpweya Wolowera Pambali M'injini ya Galimoto

Eni galimoto ambiri kumidzi, pamodzi ndi aphunzitsi amene anasunga ndalama zaka zambiri kuti agule kagalimoto kawo, amadandaula za nthenda imodzi. Pamsewu injini imalira bwino ndithu, koma galimoto ikangoima pa sitolo kapena pa mphambano, injini imayamba kunjenjemera, mwina kuzima kumene, ndipo nyali yachikasu yokhala ndi chithunzi cha injini imayaka patsogolo pa dalaivala. Kwa makaniko mwini wake amauzidwa kuti sensa ya mpweya yafa, agule ina. Agula, aikamo, koma pakapita masiku awiri nthenda ija yabweranso ndipo ndalama zapita. Kawirikawiri sensayo imakhala ilibe mlandu.

Injini ya petulo siyendera petulo yekha ayi. Kuti moto uyake bwino m'kati mwake pamafunika magawo 14.7 a mpweya pa gawo 1 la petulo, poyesa kulemera kwake. Magalimoto akale anali ndi kabureta yosakaniza ziwirizi. Ambiri a masiku ano, monga a Toyota ndi Nissan ochokera ku Japan, ali ndi kompyuta imene imagawa petulo molingana ndi mpweya umene walowa, ndipo chimene chimaiuza kuchuluka kwa mpweyawo ndicho sensa yotchedwa MAF. Sensayi imakhala pa payipi yaikulu, pafupi ndi bokosi la sefa ya mpweya. M'kati mwake muli kawaya kakang'ono kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamapita umakaziziritsa, tsono pamafunika magetsi ena kuti kakhalebe kotentha, ndipo kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya poona magetsi amene apitawo.

Sensayi ili ngati kalaliki wokhala pa chipata cha msika amene amalemba thumba lililonse la chimanga lolowa. Ngati mpanda uli ndi chiboo kumbuyo, matumba ena adzalowa osalembedwa, ndipo buku lidzanama ngakhale kalalikiyo ndi wokhulupirika. Chimodzimodzi payipi ya labala ikang'ambika pakati pa sensa ndi injini, mpweya umalowera pambali osawerengedwa. Kompyuta imapereka petulo wochepa, wongokwanira mpweya umene yauzidwa, ndipo moto umayaka mopereweza.

Kusiyanitsa nthenda ziwirizi sikufuna chida chodula. Galimoto ikaima injini ikulira, chitseko cha mpweya chimakhala pafupifupi chotseka, injini imakoka mwamphamvu ndipo mpweya wodzera njira yake umakhala wochepa kwambiri, kotero kuti ngakhale kaboo kakang'ono kamasokoneza zonse. Dalaivala akaponda mafuta chitseko chimatseguka, mpweya umalowa wochuluka, ndipo wa pa kaboo kaja sudziwikanso. N'chifukwa chake injini yobooka payipi imavuta itaima koma imachira pamsewu. Sensa yakuda ndi fumbi kawirikawiri imachita mosiyana: poima injini imalira bwinoko, koma pa chitunda, kapena pofuna kupitirira lole, galimoto imachita ulesi ndi kudukiza.

Amakaniko a m'tauni ali ndi makina olumikiza ku kompyuta ya galimoto, amene amaonetsa manambala. Nambala ya P0171 imanena kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya. P0101 imanena kuti zimene sensa ikunena sizikugwirizana ndi mmene injini ikuyendera. Palibe mwa ziwirizi imene imati sensa yafa, ngakhale ambiri amaziwerenga choncho. Makina omwewo amaonetsanso petulo amene kompyuta ikuwonjezera pofuna kukonza cholakwacho. Akapitirira magawo 10 pa 100 injini itaima, nkutsika injini ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi, mwini galimoto adziwe kuti pali chiboo penapake.

Pofunafuna chiboocho munthu ayambe ndi maso ndi manja, injini itazima ndi kuzizira. Achotse payipi yaikulu ija, aipinde uku ndi uku, pakuti ming'alu imabisala m'makwinya ake, makamaka kunsi kumene diso silifika. Aonenso timapayipi tating'ono tonse topita ku injini. Kutentha ndi ukalamba zimaumitsa labala mpaka amathyoka ngati kamtengo kouma, ndipo kapayipi kena kamangovuka pamalo pake makaniko atakagunda osazindikira. Zomangira zonse zikhale zolimba.

Akapanda kuona kanthu, alize injini namvetsere. Mpweya wolowa pa chiboo umalira ngati njoka yolusa. Kachidutswa ka payipi ya madzi kamathandiza: mbali ina pa khutu, mbali ina nkumayendetsa pa injini, koma manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani ndi malamba. Angathenso kuwaza madzi pang'ono pamalo pamene akukayikira, osati pa mawaya a magetsi. Madziwo akatseka chiboo kwa kanthawi, kaliridwe ka injini kamasintha. Ena amawaza petulo m'malo mwa madzi, ndipo chimenechi ndi chizolowezi choipa zedi, pakuti kamoto kamodzi kochokera ku pulagi kangathe kutentha galimoto yonse ndi nkhope ya wowazayo. M'magalaji aakulu amapopera utsi m'mapayipi injini itazima, utsiwo nutulukira pobooka, ngakhale pa gasiketi yobisika imene khutu silingaipeze.

Payipi ina siyenera kudikira mawa. Imeneyi ndi yochokera ku injini kupita ku chitini chozungulira chimene chili kuseri kwa chopondera mabuleki. Kukoka kwa injini kudzera m'payipiyi ndiko kumathandiza mwendo wa dalaivala. Ikabooka mabuleki amauma, ndipo galimoto yodzaza anthu imatenga mtunda wautali isanaime.

Mapayipi onse akapezeka abwino, pamenepo ndiye nthawi yoyang'ana sensa. Fumbi la m'misewu yadothi m'chilimwe limakuta kawaya kaja ngati bulangeti, makamaka pamene sefa yang'ambika kapena yachotsedwa ndi munthu woyesa kuti akupulumutsa ndalama. Sensayo imasulidwe, itsukidwe ndi mankhwala ake opopera ogulitsidwa m'masitolo a zitsulo za galimoto, ndipo iume bwino isanabwezedwe. Kawayako kasakhudzidwe ndi chala, nsalu kapena kamtengo, pakuti nkosachedwa kuduka. Sefa yatsopano iikidwe tsiku lomwelo, ndipo chivundikiro cha bokosi lake chitsekedwe mbali zonse.