MAKINA OSEFA MAGAZI NDI KUUMA KWA MITSEMPHA

Lero ndilankhule ndi inu a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25 amene mumalawirira kuperekeza odwala impso ku Kamuzu Central Hospital, pamodzi ndi akatekisiti amene mumawayendera m'makomo. Ambiri amayesa kuti wodwala akangoikidwa pa makina osefa magazi, ntchito ya achibale yatha. Ayi, pali mdani wina amene amatsalira m'thupi mwakachetechete, ndiye kuuma kwa mitsempha ya magazi.

Impso zamoyo zimataya mchere wina wotchedwa fosifeti, umene timaudya tsiku ndi tsiku m'zakudya zathu. Impso zikafooka, mcherewu umachuluka m'magazi. Pamenepo tiziwalo tinayi tating'ono ta m'khosi, totchedwa parathyroid, timayamba kukoka kashiyamu m'mafupa. Fosifeti ndi kashiyamu zikakumana zimakamatira m'makoma a mitsempha, monga zoyera zija zimene madzi a pamjigo amasiya m'ketulo. Koma chodabwitsa nchakuti mnofu weniweni wa mtsempha umasintha khalidwe nuyamba kusanduka ngati fupa. Mafupa akufewa, mitsempha ikuuma! Tsono mtima umalema pokankha magazi m'njira zosatanuka, ndipo nchifukwa chake matenda a mtima ndiwo amatsogola kupha anthu okhala pa makina.

Nanga makinawo sachotsa fosifeti? Amachotsa ndithu, koma osati yense. Impso zimagwira ntchito usana ndi usiku, pamene makina amagwira maora ngati anayi okha, kawiri kapena katatu pa sabata. Kuonjeza apo, fosifeti wambiri amabisala m'minofu ndi m'mafupa, ndipo amabwerera m'magazi wodwala atatsika kale pa makina. Choncho zaka zikamapita, ngongole imakula. M'chaka cha 2000 William Goodman ndi madokotala anzake a ku Los Angeles adaunika mitima ya ana ndi achinyamata okhala pa makina. Mwa 23 osakwana zaka 20 sadapeze ndi mmodzi yemwe wouma mitsempha ya mtima, koma mwa 16 a zaka 20 mpaka 30 adapeza 14, ndipo amenewa adali atakhalitsa pa makina.

Pano mundimvetse bwino, wina angathawe chipatala. Makina amapulumutsa moyo, ndipo kwa ambiri kuumaku kumakhala kutayamba kale asanawaone nkomwe, makamaka okalamba ndi odwala shuga. M'chaka cha 2005 Geoffrey Block ndi anzake adatsata anthu ongoyamba kumene kusefedwa magazi kwa miyezi 18. Amene adayamba mitsempha yao ili bwino, ambiri adakhalabe choncho. Amene adayamba itauma kale, idaumiraumirabe, ndipo idafulumira kwambiri mwa omwe ankamwa mapiritsi okhala ndi kashiyamu kusiyana ndi omwe ankamwa sevelamer, mankhwala opanda kashiyamu koma okwera mtengo. Kwa ine phunziro ndi ili, kuti wa shuga ndi wothamanga magazi aziyezetsa impso msanga, miyendo isanatupe.

Tibwere kukhitchini, pakuti kumeneko ndiko kuli gawo lanu. Usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo m'minga ndimo muli fosifeti wochuluka. Mkaka nawo uli naye, chimodzimodzi masoseji ndi zakumwa zakuda za m'mabotolo. Inu a m'miphakati, taonani kuti zimene timanyamula mwachikondi pokazonda matenda nthawi zambiri ndi zomwezi! Fosifeti wa m'nyemba ndi m'nsinjiro salowa m'magazi kwambiri ngati wa m'zakudya za m'fakitale, komabe muyeso wake afotokoze ndi achipatala. Musam'mane wodwala ndiwo za nyama ndi mazira poopa fosifeti, chifukwa makina amachotsanso zina zomanga thupi, ndipo kuonda nako kumapha.

Kunena za mapiritsi omanga fosifeti, ntchito yao ndi kugwira mcherewu m'matumbo usanalowe m'magazi. Motero ayenera kumwedwa pakati pa chakudya, nsima ili m'manja. Wowamwa m'mimba mopanda kanthu sapindula. Ndipo ngati ali a kashiyamu, amangoonjezera kashiyamu amene akumuumitsa mitsempha. Kuchepetsa kapena kusintha mapiritsiwa ndi kwa dokotala yekha, atayamba wayeza magazi.