R ikanena kuti function siikuoneka

Wofufuza za malungo kapena TB akamaliza kusonkhanitsa ziwerengero za odwala, ntchito yotsala imakhala ya pa kompyuta. Ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito R, pulogalamu yaulere imene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anaiyambitsa pa University of Auckland ku New Zealand. Ndipo palibe wophunzira R amene sanakumanepo ndi uthenga wakuti "could not find function". Ena akauona amangotaya mtima, kuganiza kuti deta yawo yawonongeka. Deta imakhala ili bwinobwino. R ikungonena kuti dzina limene mwalemba silikupezeka m'zida zimene zatsegulidwa pa nthawiyo.

Choyamba kuyang'ana ndi kalembedwe. R imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: mean() imapereka avereji, koma Mean() siidziwa.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi nkhani ya maphukusi. R imabwera ndi zida zochepa. Zina zambiri zili m'maphukusi osungidwa pa CRAN, nkhokwe imene inakhazikitsidwa mu 1997. Lamulo la install.packages("dplyr") limatsitsa phukusi kamodzi n'kulisunga pa kompyuta, koma library(dplyr) muyenera kuilemba nthawi iliyonse mukatsegula R mwatsopano. Kugula khasu n'kuliika pakhonde sikulima. M'mawa uliwonse uyenera kulinyamula popita kumunda. N'chifukwa chake munthu amadabwa kuti dzulo mutate() ya dplyr imayenda, lero yakana. Chizindikiro cha %>% chimavutanso motero, poti n'cha phukusi la magrittr, ndipo chimabwera mukatsegula dplyr. Lipoti la R Markdown nalo limayamba popanda kalikonse likamapangidwa, choncho library() iyenera kulembedwa m'kati mwa lipotilo.

Nthawi zina vuto ndi ukalamba wa pulogalamu. Function ya across() inabwera ndi dplyr 1.0.0 mu 2020, kotero wokhala ndi dplyr wakale sangaipeze ngakhale atatsegula phukusi kangati. Kumene intaneti ndi yodula, anthu amapatsana mapulogalamu pa fulashi n'kukhala nawo zaka, ndiye vutoli silisowa. Lamulo la packageVersion("dplyr") limakuuzani amene muli naye. Ngati simukudziwa kwawo kwa function, lembani ?? kenako dzina lake, R ifufuza m'maphukusi amene muli nawo.

Kunena zoona, ine uthengawu sindiuopa, poti umaimitsa ntchito poyera. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene R yapeza function ya dzina lomwelo koma ya kwina. Taonani lag(). Ili mu dplyr, ilinso mu stats, phukusi limene limatseguka lokha. Wofuna kuyerekeza odwala a mwezi uno ndi a mwezi watha akaiwala kutsegula dplyr, R imatenga lag() ya stats, imene simasuntha manambala wamba m'mizere. Palibe uthenga wochenjeza. Kusiyana kwa miyezi kumangotuluka 0, ngati kuti matenda sakukwera. Zotere zikalowa mu lipoti zingasocheretse okonza kagawidwe ka mankhwala.

Wosamala amalemba dzina la phukusi ndi function pamodzi, monga dplyr::lag(), kuti R isasankhe yokha. Ndipo asanatumize zotsatira, amatseka R, n'kuitsegulanso, n'kuyendetsa sikiriputi yonse kuyambira mzere woyamba.