Utsi, Mwaye ndi Mapapo a Ana Anu

Tayang'anani makoma a khitchini yanu. Mwaye wakuda umene uli pamenepo unabwera ndi utsi, ndipo utsi womwewo ndi umene ana anu amapuma.

Mpweya wa m'nyumba suyenda mowongoka ayi, koma umazungulira ngati kamvuluvulu. Akatswiri a sayansi amayerekeza kayendedwe kameneka pa kompyuta, natsata njira ya kachidutswa kalikonse ka fumbi kapena utsi. Iwo anapeza kuti tizidutswa tokulirapo timaponyedwa kukhoma, kumene mpweya umayenda pang'onopang'ono, ndipo timakanirira pomwepo. Koma tating'onoting'ono kwambiri timayandama mumpweya kwa maola ambiri. Timeneti ndiye toopsa, pakuti timalowa mpaka m'kati mwa mapapo ndi kuyambitsa chibayo.

Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3,200,000 pa dziko lonse lapansi.

Chotero boolani mazenera awiri pa makoma oyang'anizana, kuti mphepo izilowa uku ndi kutulukira uko pamodzi ndi utsi. Sonkhani moto ndi nkhuni zouma. Amayi, musabereke khanda pophika m'khitchini yodzaza utsi. Lisiyeni panja ndi womulera.